Kanyumba ka E-1027 patebulo langa: momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 5 Epulo

Ndayamba basi. Ntchito ija ndakhala ndikuinena kuyambira chaka chatha, yomanga kanyumba kachitsanzo ka E-1027 ndi makatoni, lero ndiye ndadula chidutswa choyamba. Sikelo ndasankha 1:50, ndiye kuti sentimita imodzi patebulo langa ndi theka la mita kunyumba yeniyeniyo. Ndizilemba pano zonse, zoyenda ndi zokanika zomwe, kuti anzanga amene mukuphunzira zojambula mapulani a nyumba muzitsatira komanso ineyo ndisadzaiwale pomwe ndinaphonya.

Amene simukuidziwa, E-1027 ndi nyumba yoyera mbee yomwe ili pamwamba pa miyala m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, ku Roquebrune-Cap-Martin kumwera kwa France, pakati pa Monaco ndi Menton. Inamangidwa kuyambira 1926 mpaka 1929 kuti eni ake azikapumulirako nyengo yotentha. Anaijambula ndi mayi a ku Ireland, a Eileen Gray, mothandizana ndi bwenzi lawo a Jean Badovici, wa zamapulani wochokera ku Romania amene analinso mkonzi wa magazini ya L'Architecture Vivante. Dzinalo likumveka ngati nambala ya galimoto koma ndi mayina a awiriwa atalukana: E ndi Eileen, 10 ndi J poti J ndi chilembo cha nambala 10 pa alifabeti, 2 ndi B, 7 ndi G. Mukaona bwino dzina la bamboyo lili pakati, la mayiwo lalikuta uku ndi uku.

Chomwe chinandigwira mtima ndi choti mayi Gray anabadwa mu 1878, ndiye poyamba kumanga anali ndi zaka 48, ndipo iyi inali nyumba yawo yoyamba. Sukulu ya zomangamanga sanapiteko. Anaphunzira zojambula zithunzi ku sukulu ya Slade ku London, kenako ku Paris anakhala zaka zambiri akupanga mipando, makapeti ndi zotchingira m'nyumba zopaka lacquer (utomoni wonyezimira ngati vanishi), luso lomwe anaphunzira kwa mmisiri wa ku Japan a Seizo Sugawara, mpaka mu 1922 anatsegula shopu yawo yotchedwa Jean Désert. Munthu wa mipando ndiye anadzamanga nyumba, ndipo ndikufuna ndione ndi manja anga ngati zimenezi zimaonekera m'nyumbamo.

Zida zomwe ndili nazo: makatoni oyera olimba omwe ndinapempha kushopu yosindikiza, guluu wa matabwa, naifi yodulira mapepala ndi malezala ake 10, rula yachitsulo, pensulo, sandipepa, ndi mapulani omwe ndasindikiza kuchokera pa intaneti, aja anatuluka koyamba mu L'Architecture Vivante mu 1929.

Loweruka, 12 Epulo

Sabata yonse yathera pa nthaka, nyumba sindinaikhudze n'komwe. Ndimaganiza kuti ndingoiyika pa pulayiwudi yosalala basi koma nditayang'anitsitsa zithunzi ndinaona kuti ndikatero ndanama, chifukwa malowo ndi otsetsereka kwambiri, anadulidwa masitepemasitepe ndi makoma a miyala kalekale ndi alimi a mandimu, njanji ya sitima ili kumtunda, nyanja ili kumunsi, nyumbayo yakhala pakati. Msewu wofika pakhomo kunalibe, simenti, njerwa, zitsulo zonse zimabwera pa wilibala kudzera kanjira kakang'ono, ndipo mayi Gray anakhala komweko akuyang'anira amisiri okha pomwe a Badovici nthawi zambiri anali ku Paris.

Ndinapita kwa akalipentala a kuseri kwathu kuti andidulire thabwa lapansi. Atayang'ana pulani anandifunsa kuti, "Kodi iwe mwanawe, nyumba imeneyi yaimikidwa pa miyendo ngati nkhokwe bwanji?" Ndinati, "Eya bambo, ndi zipilala zimenezo, pansi pake pamadutsa mphepo ndipo anthu amakhalapo pamthunzi." Iwo anangoti, "Ndiye nkhokwe imene," n'kupitiriza kucheka. Ndaganizira mawu amenewa njira yonse chifukwa akunena zoona, nzeru yokweza chinthu m'mwamba kuti chinyontho chisachipeze ife tinaidziwa kale, kungoti kumeneko anaichita ndi konkire ya zitsulo mkati.

Masitepe a nthaka ndapanga posanja makatoni a bulauni m'miyalomiyalo, aja a mabokosi a sopo. Zala zikuwawa koma phiri laoneka.

Lachitatu, 16 Epulo

Zipilala zaima. Ndinayesa kaye timitengo ta machesi, tinapindika nditaika silabu pamwamba, ndiye ndasintha ndaika tizidutswa ta thabwa lopepuka tomwe akalipentala anandipatsa ulere. Silabu yoyamba ndinaidula molakwika ndi mamilimita atatu, zomwe kunyumba yeniyeni ndi masentimita 15, ndataya ndadulanso ina.

Lamulungu, 27 Epulo

Apa ndiye ndikufuna ndichedwepo chifukwa sabata ino ndi yomwe yandisinthira kaonedwe ka nyumbayi.

Ukaiona pachithunzi kuchokera kunyanja umangoti aa, ndi zija za Le Corbusier, pajatu mkulu ameneyu, katswiri wotchuka wa zamapulani a nyumba wobadwira ku Switzerland, anali ndi mfundo zake zisanu zomwe tonse timaloweza m'kalasi: zipilala, denga lafulati loti n'kukhalapo, mkati mosatsekedwa ndi makoma onyamula katundu, mawindo aatali opingasa, ndi khoma lakutsogolo lomasuka. E-1027 ili nazo zimenezi, palibe wokana. Koma nditayamba kudula makoma a mkati ndinapeza kuti chinthu chomwe chikunditayitsa nthawi si mfundo zisanuzo, zimenezo ndinamaliza tsiku limodzi. Zomwe zikundigoneka mochedwa ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe tili pena paliponse.

Tiyambe ndi polowera. Khomo lili mbali ya kumtunda, ndipo ukalowa suona nyanja nthawi yomweyo ayi, pali chotchinga chomwe chimakukakamiza ukhote kaye, ndipo pakhoma mayi Gray analembapo ndi zilembo za sitensulo mawu a Chifalansa akuti "Entrez lentement", kutanthauza kuti lowani pang'onopang'ono. Ukakhota ndiye balaza lonse limatseguka, lalitali, mbali yonse ya kunyanja ndi magalasi okhaokha. Ine zinandikumbutsa mmene timachitira kwathu, sungolowa m'nyumba ya munthu ngati mbuzi, umaima kaye panja n'kuodira, mwini nyumba akuyankhe kuti lowani, ndipo apa khomalo ndi lomwe likukuimitsa kuti uodire. Chotchinga chimenechi pa sikelo yanga ndi kachidutswa kochepa kuposa chala, koma nditachichotsa kuti ndione, kanyumba konse kanangosanduka bokosi.

Balazalo si balaza lokha. Muli bedi lalikulu loti masana ndi pokhala usiku mlendo n'kugonapo, kuseri kwa kakhoma kuli posambira pake, kwinaku kuli podyera. Pakhoma anamatapo mapu aakulu a panyanja, aja amagwiritsa ntchito oyendetsa sitima zapamadzi, n'kulembapo "Invitation au voyage", ngati kukuitana kuti tiye paulendo. Khonde lake ndi lalitali lopapatiza ngati la pasitima, zogwirira zake ndi mapaipi achitsulo omangidwa nsalu yolimba ngati ya tenti, pamwamba palinso nsalu yotchinga dzuwa, mpaka anapachikapo thayala lopulumutsira womira lija. Mapuwo ndasindikiza kakang'ono ngati sitampa ndamata. Ndikudziwa kuti munthu adzafunika kuwerama kuti akaone koma kakhalepo.

Maganizo a mayi Gray anali oti aliyense m'nyumbamo, ngakhale nyumba ichepe bwanji, azitha kukhala payekha ngati akufuna. Ndiye chipinda chilichonse chili ndi njira yake yotulukira panja osadutsa pa anzake, chipinda chogona eni ake chili ndi kakhonde kake, cha alendo chili pansi ndi khomo lake lotulukira kudimba. Amene munakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri muli ana asanu ndi mmodzi ngati ine mukumva chomwe ndikunena, kufuna malo oti ungokhala chete kwa mphindi 10 popanda wokufunsa kuti ukuganiza chani. Le Corbusier ankati nyumba ndi makina okhalamo, mayi Gray sanagwirizane nazo, iwo ankaiona nyumba ngati chigoba cha munthu mwini wake, ndipo ukamadula makoma amenewa mmodzimmodzi umaona kuti sikunali kungotsutsana pakamwa.

Lachinayi, 8 Meyi

Magetsi anazima masiku awiri madzulo okhaokha ndiye ntchito inaima, kudula katoni ndi tochi ya foni sikutheka, mzere umapotoka. M'malo mwake ndimawerenga. Lero ndamata makoma akunja onse ndipo ndapanga kitchini.

Kitchini imeneyi abale. Zilipo ziwiri, yamkati ya nyengo yozizira ndi yapanja ya nyengo yotentha, ndipo eni ake analemba okha kuti nzeruyi anaitenga kwa amayi akumudzi a m'dera limenelo omwe nyengo yotentha amaphikira panja. Nditawauza achemwali anga anati, "Ndiye zachilendo ndi ziti pamenepa, si mbaula ili pakhondeyi?" Ndinati, "Ndi zomwezo achemwali, kusiyana kwake n'koti iwo anaijambula papulani." Ife timajambula nyumba ya kitchini imodzi yokongola ya matailosi, eni ake akalowa amakamanga kakitchini ka malata kuseri chifukwa nyemba sungaphike pa magetsi, nsomba sungakazinge m'nyumba fungo lingalowe m'makatani. Bwanji osangozijambuliratu poyamba pomwe? Ndalemba zimenezi m'kabuku kanga kuti pulani yotsatira yomwe ndidzapatsidwe m'kalasi ndidzayambire pamenepa.

Koma pali china chomwe sichinandisangalatse ndipo ndichinena. Chipinda cha wantchito chili pansi, n'chaching'ono kwambiri, nditachidula pa katoni ndinabwereza kuyeza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Mayi amene anaganizira mpaka poika pilo wa mlendo, wantchito anamupatsa kachipinda kongokwana bedi. Zinali za nthawi imeneyo inde, komabe kanyumba kanga kadzaonetsa zimenezi mmene zilili, sindikakuza.

Loweruka, 17 Meyi

Masitepe ozungulira. Masiku asanu ndi anayi pa chinthu chimodzi.

Masitepewa amayambira pansi, kudutsa pakati pa nyumba, mpaka padenga pomwe amathera mu kanyumba kagalasi kozungulira ngati nkhono, komwe kamalowetsa kuwala mpaka pansi. M'mbali mwake anaikamo makabati, malo sanatayike ngakhale pang'ono. Ndinayesa kudula sitepe iliyonse payokha n'kumata pa kamtengo kapakati, ulendo woyamba anapendekeka, wachiwiri guluu anachuluka mpaka masitepe anagwirana, wachitatu ndiye ndinakumbuka mmene tinkapangira magalimoto a mawaya tili ana, kuti umayamba wapinda waya kuzungulira botolo kuti apeze maonekedwe kenako n'kumangirira zinazo. Ndinapinda waya pa cholembera chonenepa, ndinamata masitepe pa wayayo, zinatheka. Kanyumba kagalasi kapadenga ndapanga ndi pulasitiki yoonekera ija imakhala pa kolala ya shati yatsopano.

Zogwirira za pakhonde ndagula masipoko a njinga ku msika wa Ndirande, ndi onenepa pang'ono pa sikelo imeneyi koma amawala ngati chitsulo chenichenicho. Nsalu yake ndadula ku kathumba kakale ka ufa koyera, ndachapa ndasita.

Loweruka, 31 Meyi

Ndafika pomwe ndakhala ndikupazemba, nkhani ya zithunzi za pakhoma. Anzanga awiri m'kalasi andifunsa kale kuti kodi uziikamo? Ndiye ndifotokoze kaye nkhani yake kenako ndinene chomwe ndasankha.

Malo a nyumbayi anagula ndi mayi Gray koma analembetsa m'dzina la a Badovici. Patangopita zaka zochepa nyumba itatha awiriwa anasiyana, mayiwo anachoka n'kukadzimangira ina kumtunda ku Castellar pafupi ndi Menton, yotchedwa Tempe à Pailla. A Badovici anatsala ndi E-1027 ndipo mnzawo Le Corbusier ankabwera kudzacheza. Mu 1938 ndi 1939 mkuluyu, ndi chilolezo cha a Badovici, anajambula zithunzi zikuluzikulu zisanu ndi zitatu pamakoma a nyumbayi, zambiri za mitundu yowala kwambiri, zina za akazi osavala, ndipo pali chithunzi chodziwika chomwe anamujambula iye mwini akupenta ali chibadwire. Mayi Gray sanafunsidwe. Atamva zinawapweteka kwambiri, anaona kuti ndi kuwononga, ndipo kunyumbako sanabwererekonso.

Sizinathere pomwepo. Nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse asilikali ankaombera makoma ake poyeserera mfuti. Nkhondo itatha Le Corbusier anabwerera, anapalana ubwenzi ndi a Thomas Rebutato omwe anali ndi kalesitilanti kotchedwa L'Étoile de Mer kumtunda kwa nyumbayi, ndipo mu 1952 anamanga pambali pake kanyumba kake kamatabwa kotchedwa Cabanon, mamita 3.66 mbali zonse, pa sikelo yanga ndi masentimita 7.3 basi, kongokwana m'dzanja. Kenako anamanganso tizipinda tisanu ta alendo pamwamba pomwepo toyang'ana pa denga la E-1027. Pa 27 Ogasiti 1965 anatsikira kunyanja kukasambira kumunsi kwa nyumba yomweyi ndipo anafera m'madzimo, manda ake ali ku Roquebrune komweko. Mu 2016 Cabanon inalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse pamodzi ndi ntchito zake zina, zonse 17.

Pa zaka zonsezi dzina la mayi Gray linazimiririka, anthu ambiri ankati nyumbayi ndi ya a Badovici okha, ena mpaka ankati ndi ya Le Corbusier. Zinayamba kusintha mu 1968 pomwe a Joseph Rykwert analemba za iwo mu magazini ya Domus, mayiwo ali ndi zaka 90. Anamwalira ku Paris mu 1976 ali ndi zaka 98. Mu 2009 mpando wawo umodzi, uja wa zinjoka wa m'katundu wa katswiri wa zovala Yves Saint Laurent ndi mnzake Pierre Bergé, unagulidwa pa okushoni ku Paris pa mayuro 21.9 miliyoni, mayi Gray atagona kale zaka zoposa 30.

Mnzanga wina akuti ndiike zithunzizo chifukwa ndi mbiri, zinachitika, ndipo n'kutheka kuti popanda dzina la Le Corbusier pamakomawo nyumbayi bwenzi itagwetsedwa kalekale. Mfundo yake ndaimva ndipo si yopanda pake. Koma ine ndakhala miyezi iwiri ndi makoma amenewa, ndikudziwa chifukwa chomwe khoma lililonse laimira pomwe laima, lina likutchinga maso, lina likubweza kuwala, lina langosiyidwa loyera kuti diso lipume lisanakumane ndi nyanja. Ndinasindikiza chithunzi chimodzi kakang'ono n'kuchigwirizitsa pakhoma la pabalaza osamata, kungoyesa, ndipo nthawi yomweyo diso linasiya kupita kuwindo, linakakamira pa chithunzicho. Chipinda chonse chinatembenukira kukhoma, nyanja n'kuifulatira. Munthu wabwera kudzacheza, wapatsidwa mphasa ndi chakudya, n'kudzuka m'mawa kuyamba kulemba pakhoma la mwini nyumba, kwathu kuno timati ndi mwano ngakhale dzanja lake likhale laluso chotani.

Ndiye kanyumba kanga ndi ka 1929. Makoma oyera. Zithunzi zija ndidzazimata pa pepala lapadera pambali ndi mbiri yake, wofuna kuona adzaone, koma mkati ayi.

Loweruka, 14 Juni

Mawindo ndi zotsekera zake. Apa mayi Gray anaonetsa kuti ndi munthu wa mipando zoona, chifukwa windo analipanga ngati kabati. Magalasi a pabalaza amapindika ngati akodiyoni n'kukankhidwira kumbali, khoma lonse n'kutseguka, balaza ndi khonde n'kukhala chimodzi. Mawindo ena ali ndi zotsekera zamatabwa za mipatamipata zomwe zimatsetsereka pa njanji kunja kwa khoma, ndipo sizinagunde khomalo, pali mpata woti mphepo izidutsa ngakhale utatseka kuti dzuwa lisalowe. Ndiye munthu umasankha wekha, kuwala kokha, mphepo yokha, zonse ziwiri kapena kutsekeratu.

Ndinafunitsitsa kuti zotsekera zanga zizitsetserekadi. Ndadula timizere ta katoni topyapyala ngati ulusi, 40 ndi kuposa, theka tinaduka, koma zitatu zikuyenda pa kanjanji ka waya. Mukadzabwera kudzaona musakankhe ndi mphamvu chonde.

Ndimaganizira ma kotteji ena omwe ndinawaona ku Mangochi, magalasi aakulu osatseguka oyang'ana kunyanja, mkati kutentha ngati uvuni mpaka ayatse makina oziziritsa tsiku lonse pomwe mwera ukuwomba ulere panja. Nyumba ya 1929 inaganizira zimenezi ndi matabwa ndi nsalu basi.

Kudimba ndapangako dzenje lija la matailosi akuda lowotherapo dzuwa, la malo opendekeka ogonapo ndi katebulo koikapo zakumwa. Ambiri akaliona amayesa ndi dziwe losambiramo lomwe laphwa, koma ayi, eni ake anakana dala kuika madzi oima chifukwa amaitana udzudzu. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha ndi chimwemwe, ndinati mayi awa tikanamvana.

Loweruka, 21 Juni

Ndinadikira dala tsiku la lero kuti ndiyese dzuwa. Ku France dzuwa limadutsa chakumwera, n'chifukwa chake mbali ya magalasi ndi khonde inayang'ana kumeneko komwenso kuli nyanja. Kuno mwezi uno dzuwa lapendekera kumpoto, ndiye ndinatulutsa kanyumba panja m'mawa n'kukatembenuza kuti mbali ya kunyanja iyang'ane kumpoto, ndinakhala pambali pake pa mpando kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko ndikujambula ndi foni ola lililonse. Si zofanana ndendende ndi za kumeneko poti dzuwa lathu limakwera mosiyana, komanso m'mawa ndi madzulo zimasinthana mbali, koma zomwe ndimafuna ndaziona: dzuwa likakwera nsalu ya pakhonde imagwira lonse, balaza limakhala mumthunzi koma mowala, ndipo ndikachotsa nsaluyo kuwala kumalowa mpaka pakati pa chipinda. Ndiye nsaluyo ndi mbali ya nyumba, nyengo yotentha umaimanga, yozizira umaichotsa kuti dzuwa likutenthetsere m'nyumba. Pansi pa zipilala pamakhala mthunzi tsiku lonse.

Ana a aneba anadzaza pamenepo. Kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Ankolo, mukhala ndani m'menemo?" Ndinati palibe, ndi kongoonera. Kanati ndiye muikemo mipando. Kananena zoona.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndayamba mipando, ngakhale pa 1:50 ndi ntchito yofuna kugwira mpweya. Koma nyumba imeneyi popanda mipando yake ndi theka chabe chifukwa zambiri anapangira nyumba yomweyi. Katebulo kozungulira kagalasi ndi chitsulo kotchedwanso E-1027, komwe kamakwera ndi kutsika ndipo phazi lake ndi lotseguka kuti lilowe pansi pa bedi munthu adyere ali chigonere, ndapanga ndi waya wa mkati mwa chingwe cha chaja yakufa ndi kadontho ka pulasitiki. Mpando wa Transat, womwe anatengera mipando yopumira pa sitima zowoloka nyanja ya Atlantic, ndapanga awiri. Bibendum, uja wonenepa wa mapilo ozungulira ngati matayala yemwe dzina lake linachokera kwa chidole cha kampani ya matayala ya Michelin, ndaumba ndi sopo. Palinso wina wa chogwirira mkono chimodzi chokha kuti munthu azitha kutembenuka pocheza, umenewo ndipanga mawa. Madilowa ake ena satuluka mokoka, amazungulira kuti uone zonse zili mkati nthawi imodzi, matebulo ena anawayala cork, khungwa lofewa la mtengo, pamwamba kuti makapu asamasokose wina akagona, zimenezo pa sikelo yanga sizingaoneke koma ndazilemba pa pepala lofotokozera.

Ndalembanso mbiri yotsala ya pepalalo. A Badovici anamwalira mu 1956, mu 1960 nyumba inagulidwa ndi mayi wina wa ku Switzerland mothandizidwa ndi Le Corbusier, kenako inapita m'manja mwa dokotala wa mayiyo amene anagulitsa mipando yake pa okushoni mu 1991, ndipo iyeyo anaphedwa m'nyumba momwemo mu 1996. Itatsala yopanda mwini anthu ankangolowamo kugona, kuswa magalasi, kulemba m'makoma, uku mchere wa m'nyanja ukudya zitsulo za m'konkire. Mu 1999 bungwe la boma la France losamalira magombe, Conservatoire du littoral, linaigula, mu 2000 inalembedwa ngati chipilala cha dziko chotetezedwa, ntchito yokonza inatenga zaka zambiri, anthu anayamba kuloledwa kukaona mu 2015 ndipo kukonza kunatha mu 2021. Okonzawo anayesetsa kuibwezera mmene inalili mu 1929 mpaka kupanganso mipando ndi makabati potengera zithunzi zakale, koma zojambula za Le Corbusier zomwe zinatsala sanazifufute poti nazo ndi zotetezedwa. Iwo manja awo anali omangika, ine patebulo langa ndili ndi ufulu umene iwo analibe.

Zotsala: mitengo ya mandimu, ndaona kuti nthambi zouma za tsache ndi siponji yopaka utoto wobiriwira zikhoza kugwira, makoma a miyala a masitepe a nthaka ndikufuna ndimate mchenga wa kumtsinje wosefa, nyanja ndikadali pakati pa kupenta thabwa ndi kuika galasi, ndipo denga ndilisiya losamata kuti lizichotsedwa anthu aone mkati. Mawu aja a "Entrez lentement" ndayesa kulemba ndi cholembera chosongoka kwambiri kanayi konse akufufutika, Loweruka ndipita kushopu yosindikiza ndikawafunse ngati makina awo angatulutse zilembo za milimita imodzi. Amene muli ndi galasi lokulitsira zinthu lija mundibwereke sabata ino, ndidzabweza Lolemba.